Pempho la Ana Anu a ku Joni: Guwa Lisagulidwe

Makolo athu, mafumu, abusa, ansembe ndi mashehe, landirani moni wa ife ana anu amene tikugwira maganyu ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town. Palibe dongosolo loti tivote tili kunja kuno, choncho voti yathu ili m'manja mwanu. N'chifukwa chake tikukugwadirani.

Zimene zimachitika chisankho chikayandikira timaziona pa WhatsApp. Munthu amene sanapondepo m'tchalitchi mwanu chisankhidwireni amangotulukira tsiku la Paper Sunday, galimoto zili ndondondo. Mumampatsa mpando wa kutsogolo. Akaponya envulopu yonenepa m'mbale, amayi amalulutira, kwaya imakweza nyimbo, mkulu wa mpingo n'kulengeza kuti uyu ndiye wodzozedwa ndi Mulungu. Lachisanu lotsatira yemweyo ali ku mzikiti, mkanjo woyera mbee. Amene angafunse kumene ndalamayo yachokera palibe, chikhalirecho Cashgate ya 2013 inatisonyeza poyera kuti ndalama zoyenera kugula mankhwala m'zipatala zimatha kutuluka ku Capital Hill n'kukathera m'matumba a anthu.

Inu akuluakulu mukukumbukira 8 Marichi 1992, tsiku limene kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula boma inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse. Anthu anamvetsera akunjenjemera. Maepiskopi anaopsezedwa, Monsignor John Roche anathamangitsidwa m'dziko, koma sanabweze mawu. Chaka chomwecho Akhristu ndi Asilamu anakhalira limodzi m'bungwe la PAC, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi anasankha ndale za zipani zambiri. Atsogoleri a zipembedzo aja anamvedwa chifukwa pakamwa pawo panalibe chibanzi.

Mu 2020 dziko linasankha m'busa kukhala pulezidenti, a Lazarus Chakwera, amene anatsogolerapo mpingo wa Assemblies of God. Ambiri kuno tinavina usiku wonse. Sitikunyoza chikhulupiriro chawo ayi, koma ubusa paokha sunatsitse mtengo wa feteleza, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mu 2025 ovota anawachotsa. Aliyense wofuna mpando, wa chipani chilichonse, muzimuyesa ndi ntchito zake.

Chonde abusa ndi mashehe athu, wandale akabwera kudzapemphera, akhale pa benchi kapena pa mkeka pamodzi ndi anthu onse, maikolofoni asagwire. Mafumu, mufunseni pabwalo: ndalama za chitukuko cha dera (CDF) zinamanga chiyani kwathu kuno? Amayi athu, lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa mavoti. Chitenje cha chipani chimatha msanga, pomwe mwana wanu akugonabe m'kachisakasa ku Diepsloot chifukwa kwawo kulibe ntchito.

Ngati tchalitchi kapena mzikiti ukusowa malata kapena simenti, uzani ife. Timasonkha kale za maliro mnzathu akatisiya kuno. Za denga tisonkhanso, titumiza kudzera kwa msungichuma wa mpingo, ndipo iye aziwerenge pamaso pa anthu onse.

Ndife ana anu a ku Joni.