Njira Yapakati kwa Yani?

Masukulu atatseka mu Ogasiti, acinyamata a mu mphakati wathu anabwera kwa ife ndi pempho lakuti tikakwere phiri, kupita m'mawa ndi kubwerera madzulo. Makolo ena nawo anafuna kuperekeza. Mtsikana wina anatulutsa foni, natisonyeza mndandanda wa pa intaneti wa njira zoyendamo kumapiri. Pa njira imene anasankha panalembedwa liu lacingelezi lakuti moderate, ndiye kuti yapakati, yosafewa ndiponso yosavuta. "Ngakhale agogo angathe," anatero. Ife tinayamba takhala cete, pakuti maondo athu tiwadziwa.

Mindandanda yotere ilipo ingapo. Wikiloc inayamba ku Spain mu 2006, AllTrails ku America mu 2010. Njira zambiri zimalowetsedwamo ndi anthu amene anayendamo foni ili m'thumba, ndipo odza pambuyo amalembapo zimene anaona. Nzothandiza, sitikana. Koma liu lija lakuti yapakati ndi muyeso wa miyendo ya munthu wina, mwina mnyamata wozolowera mapiri amene anayenda m'nyengo yozizira. Liulo silidziwa zaka zanu, silidziwa dzuwa la Okutobala.

Cotero musaime pa liu, werengani manambala. Loyamba ndi utali wa njira. Onetsetsani ngati makilomitawo ndi a kupita ndi kubwerera, kapena a kupita kokha, cifukwa njira zina zimathera kutali ndi kumene munayambira. Laciwiri, limene ambiri amalilumpha, ndi mamita a cikweza. Mu 1892 William Naismith wa ku Scotland anapereka lamulo limene oyenda m'mapiri akali kugwiritsa nchito: ola limodzi pa makilomita 5 alionse, kuonjezapo ola lina pa mamita 600 alionse okwera. Makilomita 10 a pacidikha ndi maola awiri. Makilomita 10 omwewo okhala ndi cikweza ca mamita 600 ndi maola atatu, ndipo m'menemo mulibe kupuma, mulibe kudya, mulibe mwana wolira kuti nsapato yamuluma. Ife, tikakhala ndi ana ndi okalamba, timaonjezapo theka la nthawiyo, ndipo sitinadandaulepo.

Amene anatsikako ku Boiling Pot, kumunsi kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya, amvetsa zimene tikunena. Njirayo ndi yaifupi ndithu, ndipo potsikira ku Zambezi aliyense amaseka. Cikweza conse cimakudikirani pobwerera, pamene madzi a m'botolo acepa.

Werenganinso zimene oyendamo analemba, makamaka tsiku limene analembera. Njira imene inali yoyera mu Julayi ingakhale itatsekeka ndi udzu mu Febuluwale, ndipo kamtsinje kamene anangolumpha kangakhale katadzaza. Kwathu kuno njira zolembedwa nzowerengeka, ndipo zina zili ndi umboni wa munthu mmodzi yekha. Kumbukirani kuti netiweki imathawa kuseri kwa phiri, tsono mapuwo asungeni mu foni musananyamuke.

Pali zina zimene foni singakuuzeni konse. Phiri lili ndi eni ake. Mapu sasonyeza manda, sasonyeza dambwe, sasonyeza kumene anachera misampha kapena mtengo wa njuci. Akulu anati safunsa anadya phula. Fikani kwa a mfumu a mudzi wa m'tsinde mwa phirilo, mulonjere, munene cimene mwadzera, mupemphe mnyamata wokutsogolerani, ndipo mumupatse kangacepe.

Acinyamata aja tinawerenga nawo manambala a njira yaoyo, ndipo tinapeza kuti mdima wa 6 koloko ukanatipeza tikali pamwamba. Anasankha ina yaifupi, monyinyirika pang'ono. Tinanyamuka mbandakuca, aliyense ndi malita awiri a madzi, mbatata zophika ndi nshawa zokazinga. Mai wina wa zaka 60 anafika pansonga ali womaliza, nakhala pamwala, nayamba kutiloza minda ya kwao umodzi umodzi.