Timalipira tulo ku Kapata, koma sitigona

Ife amene timagona m'maresitihausi a ku Kapata, muno mu Chipata, sitinabwere kudzaona malo. Ndife azimayi a zikwama za ukwa ochokera ku Lundazi ndi ku Chama odzaoda salaula. Ndife alimi a ku Chadiza ndi ku Vubwi amene tagulitsa nsawa kapena soya dzuwa litapendeka, magalimoto akwathu atapita kale. Ena tabwera ndi odwala amene awatumiza ku chipatala chachikulu cha Chipata, ena tachokera ku Mchinji ndi ku Lilongwe, tadutsa malire pa Mwami madzulo ndi katundu, tikufuna basi ya ku Lusaka. Ulendo wa ku Lusaka ndi wa makilomita oposa 550 pa Great East Road, ndipo mabasi ambiri amanyamuka kusanache. Mu 2016 boma litaletsa mabasi kuyenda usiku, kuyambira 21 koloko mpaka 5 koloko m'mawa, aliyense wofika mochedwa analibe kuchitira mwina koma kufuna pogona pafupi ndi siteshoni. Sikuti aliyense ali ndi m'bale m'tauni, ndipo ngakhale uli naye sungamagogode pakhomo pake mwezi ndi mwezi uli ndi mabelo awiri.

Tikudziwa kuti timalipira zochepa. Palibe wa ife amene amayembekezera kapeti kapena chakudya cham'mawa. Chimene chimatiwawa n'chakuti eni malowa amaona ngati munthu akalipira zochepa wagulitsanso ulemu wake.

Zimayambira pakauntala. Mtengo sunalembedwe paliponse, amautchula akakuyang'ana nkhope ndi katundu. Ukamveka kuti ndiwe wa ku Malawi umakwera. Ukafika mvula ikugwa, mwana ali kumsana, umakwera. Lisiti sapereka, ukaifunsa amati buku latha. Kenako amakupatsa kabuku kolemba alendo, ulembe dzina, nambala ya reji kapena pasipoti, nambala ya foni, kumene wachokera ndi kumene ukupita, kabukuko nkumangokhala poyera kuti aliyense wobwera pambuyo pako awerenge. Mayi amene ali ndi ndalama za oda m'chitenje walemba yekha kuti ali m'chipinda chakuti ndipo ali yekha.

Pali mawu ena amene tonse tinawamvapo: "Chipinda chilipo amayi, koma mudikire pang'ono." Timadziwa chimene tikudikira. Chipindacho chabwerekedwa kwa a shoti taimu, ndipo akatuluka mtsikana wantchito amangolowa, kukunkumula nsalu ya pabedi, kuitembenuza, basi lowani. Za anthu awiri aja sitikuweruza, ndi zawo. Koma nsalu imene agonapo ena ola lapitalo isatchedwe yochapa. N'chifukwa chake mudzaona kuti aliyense wa ife amene wayenda nthawi yaitali amasunga chitenje chapadera choyala pabedi ndi china chokutira pilo.

Chitenjecho sichiletsa nsikidzi. Pa madandaulo athu onse, ili ndilo lalikulu, chifukwa silithera m'chipindamo. Nsikidzi zimabisala m'misoko ya matiresi, m'ming'alu ya matabwa a bedi, kuseri kwa pulasitala wosweka, masana osaoneka n'komwe. Ukazimitsa nyali zimatuluka. Umayamba kumva kuyabwa m'khosi ndi m'mikono, ukawunika ndi foni umaziona zikuthawira pansi pa matiresi, pakhoma pali timizere ta magazi a anzako amene anagona mmenemo usanabwere. Mwana amalira usiku wonse, m'mawa thupi lili totupa tokhatokha. Choipitsitsa, zimalowa m'chikwama ndi m'belo la zovala zimene ukukagulitsa, n'kukwera nawe basi mpaka kwanu. Kukafika kumudzi ndiwe amene uyambe kuwiritsa madzi, kuthira m'miyendo ya bedi, kuyanika mphasa ndi mabulangete padzuwa sabata yathunthu, kugula mankhwala ndi ndalama imene unati ndi phindu. Anansi akamva amati m'nyumba mwako ndi mwauve, pamene unazigula ndi ndalama zako ku Kapata. Ukadandaula pakauntala yankho limakhala lakuti mwabwera nazo nokha. Komatu mankhwala ake ndi odziwika: kutulutsa matiresi padzuwa, kumata ming'alu, kupopera mankhwala kenako kubwerezanso mazira akaswa, ndi kutaya matiresi amene anatheratu. Mwini malo amene zipinda zake zimadzaza usiku uliwonse sangalephere zimenezi.

Neti ya udzudzu ikakhalapo imakhala yobooka, kapena palibe pomangirira. Kuno kum'mawa malungo si nkhani yachilendo, makamaka nyengo ya mvula, ndipo kumidzi kwathu azaumoyo amatiphunzitsa kugona m'neti usiku uliwonse. Timamvera kwathu, n'kudzalumidwa m'tauni pamalo amene talipira.

Za madzi tilankhule mosabisa. Chimbudzi chimodzi cha zipinda khumi, chothira madzi koma madzi mulibe, mgolo wa panja wauma kuyambira madzulo. Sopo palibe. Kubafa pansi poterera, chitseko chofika m'mawondo, ndowa imodzi yomwe akolopera ndi yomwenso akupatsa kuti usambiremo. Kodi tayiwala msanga chotere? Kolera imene inayamba ku Lusaka mu October 2023 inafika m'zigawo zonse za Zambia, inapha anthu oposa 700, masukulu mpaka anachedwa kutsegulira kufikira February 2024. Ku Malawi, ya 2022 ndi 2023 inatenga anthu oposa 1,700. Malo amene anthu a mayiko awiriwa amakumana, kugona khoma limodzi ndi kugwira chitseko cha chimbudzi chimodzi, ndi omwewa. Chidebe cha mpopi ndi kachidutswa ka sopo pakhomo la chimbudzi si zinthu zoti mwini bizinesi adikire mliri kuti agule.

Za magetsi sitiwaimba mlandu wonse. Mu 2024 chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, dziko lonse la Zambia linkakhala mumdima maola 17 kapena kuposa patsiku, ndipo zinavuta aliyense. Koma tinaona malo ena akuliza jenereta kuti mowa uzizire ndi nyimbo zimveke kubala, m'zipinda muli bii, kandulo akugulitsa payekha. Foni yakuthera moto, ndiyo yomwe ikudzutse 3 koloko kuti basi isakusiye, ndipo ndalama zako zili momwemo.

Bala limeneli ndilo limatilanda tulo totsala. Maresitihausi ambiri otsika mtengo ndi zipinda zomangidwa kuseri kwa bala, khoma lake limodzi. Nyimbo mpaka pakati pa usiku, kenako mikangano, kenako mapazi m'khonde. Abambo amangotukwana n'kutembenuka. Kwa ife azimayi ndi nkhani ina. Munthu woledzera amagogoda, amayesa chogwirira chitseko, amati wasokera. Loko ndi uja wakale amene kiyi wa chipinda china amatsegulanso, kachitsulo kotsekera m'kati kanazuka kalekale, pangotsala mabowo a misomali. Timakankhira bedi kuchitseko, kapena kutsamiritsa belo, n'kukhala tsonga titavala, ndalama zili pamimba. Mlonda alipo, koma ali kugeti, ndipo nthawi zina amene akugogodayo ndi kasitomala wodziwika wa pabalapo amene mlonda sangamukalipire. Atsikana amene amabwera kudzafunsa malo ku makoleji a m'tauni muno amagonanso m'zipinda zomwezi, makolo awo kumudzi ali ndi mtima pansi kuti mwana ali pamalo otetezeka.

Alendo ochokera kunja amene amadutsa pa Chipata popita ku Mfuwe kukaona nyama ku South Luangwa nawonso amakonda malo otsika mtengo. Amagona anthu angapo m'chipinda chimodzi, bafa n'limodzi, khitchini ndi imodzi. Koma kumeneko mtengo umadziwika usanafike, nsalu zimachapidwa, neti ndi yathunthu, pali potsekera katundu. Sikuti iwo ndi anthu kuposa ife. Kusiyana kwake n'kwakuti mlendo uja akalumidwa ndi nsikidzi amalemba pa intaneti, anzake a ku Germany ndi ku Australia amawerenga, malowo n'kuyamba kusowa anthu. Ife tilibe polemba. Eni malo athu amadalira mwambi uja wakuti mlendo ndi mame, akuti mawa akhala atapita. Akulakwitsa, chifukwa ife timabwera mwezi uno, mwezi wamawa, chaka ndi chaka, ndipo msika wa Kapata umadya kuchokera m'matumba ndi m'mabelo athu.

Lamulo lilipo. Tourism and Hospitality Act ya 2015 imafuna kuti malo ogona alendo akhale ndi chilolezo, ndipo malamulo a zaumoyo amapatsa oyendera mphamvu yolowa ndi kuona ukhondo. Pempho lathu kwa aliyense woyendera malowa n'lakuti asathere pakauntala masana, pamene pakolopedwa. Atukule matiresi. Atsegule mpopi. Ayese kutseka chitseko ali m'kati. Chipata inakwezedwa kukhala mzinda mu 2017, mahotela ndi masitolo akuluakulu akuoneka m'mbali mwa Umodzi Highway, ndipo pa Mwami a Hakainde Hichilema ndi a Lazarus Chakwera, atsogoleri a Zambia ndi Malawi panthawiyo, anatsegulira chipata chimodzi cha mayiko awiri mu December 2022 kuti malonda aziyenda msanga. Tikuyamikira. Koma wamalonda wamng'ono amene chipatacho chinamangidwira akadutsa amafunika pogona, ndipo mbali imeneyi yatsalira.

Atsikana okolopa ndi anyamata a pakauntala sitikulimbana nawo. Timawaona akuchapa nsalu makumi awiri ndi kachidutswa kamodzi ka sopo, akutunga madzi kutali, akugona pabenchi. Ena mwa iwo ndi amene amatinong'oneza kuti, "Asisi, chipinda icho musalowe, tengani ichi," kapena kutitenthetsera madzi pambaula popanda kuuzidwa. Ndipo malo abwino alipo, ochepa, kawirikawiri amene mwini wake amakhala pomwepo. Zipinda zake ndi zazing'ono, pansi ndi simenti wamba, koma nsalu imanunkhira dzuwa, geti amatseka nthawi yake, mlonda amakuperekeza kusiteshoni m'bandakucha. Mtengo wake susiyana kwenikweni ndi wa enawo, zomwe zikusonyeza kuti vuto si kuchepa kwa ndalama zathu. Malo oterowo timauzana m'basi ndi pamzere wa pa Mwami, ndipo amadzaza dzuwa lisanalowe.

Pomwe timasowa pothawira ndi kumapeto kwa February, mwambo wa Nc'wala ukayandikira ku Mtenguleni, ndi mu August pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika. Anthu amachuluka, tikumvetsa, ndipo mtengo kukwerako pang'ono sitingakane. Koma chipinda chomwe chija, nsikidzi zomwe zija, loko yemwe uja, mtengo kuwirikiza kawiri kapena katatu, ndipo amene wakhala akugona pamenepo chaka chonse amauzidwa kuti malo atha chifukwa kwabwera olipira zambiri. Wodikirira wodwala sanabwerere mwambo, ndipo sangauze wodwala wake kuti adikire mpaka March. Ambiri sabata imeneyo timakagona pasiteshoni, pamwamba pa katundu wathu, mvula ya February ikugwa.