Opaleshoni ya Mtima Simathera Kuchipatala

Odwala mtima ambiri a m'chigawo chino cha Africa amakalandira chithandizo ku South Africa kapena ku India. Amabwerako atatsegulidwa mtsempha wopereka magazi ku mtima, ululu wa pachifuwa utatha. Ngozi imayamba pamene mankhwala amene anabwera nawo atha, iwo n'kuganiza kuti achiriratu.

Njira yotsegula mtsemphawu ndi kabaluni inayambitsidwa ndi Andreas Grüntzig ku Zurich mu 1977. Mu 1986, madokotala a ku Toulouse ndi ku Lausanne anayamba kusiyamo kachubu ka waya kotchedwa stent, kuti mtsempha usatsekekenso.

Komabe potsegula mtsempha amauvulazanso. M'kati mwake muli kakhungu kosalala kamene kamatulutsa nitric oxide ndi prostacyclin, zomwe zimamasula mtsempha ndi kuletsa magazi kuundana. Kabaluni kakafufuma, kakhunguka kamasupuka. Pamenepo timaselo ta m'magazi totchedwa mapulateleti timathamangira pamalopo ngati pabala lina lililonse. Timamatirira, timaitana tinzake, ndipo magazi amayamba kuundana. Ntchito imene imapulumutsa munthu amene wadzicheka ndi mpeni ingathe kutseka stent, mtima n'kusowa magazi mwadzidzidzi.

N'chifukwa chake wodwala amapatsidwa mankhwala a mitundu iwiri: asipirini pamodzi ndi clopidogrel, kapena ena ogwira ntchito yofanana. Mtundu uliwonse umatseka njira yakeyake imene mapulateleti amaitanirana. Koma timaseloti timangokhala masiku 7 mpaka 10, ndipo thupi limapanga tatsopano tsiku ndi tsiku. Munthu akasiya kumwa mankhwala, chitetezo chimazilala pasanathe masabata awiri.

Bala la m'katilo limapola pang'onopang'ono. Ma stent opakidwa mankhwala, amene analoledwa ku Ulaya mu 2002, anachepetsa vuto loti mtsempha upanikizikenso, koma oyambirirawo ankachedwetsa kakhungu kaja kumeranso. Mu 2006, pamsonkhano wa madokotala a mtima ku Barcelona, panabuka nkhawa yaikulu yakuti magazi ankaundana mu stent ngakhale patapita chaka. Ma stent atsopano ndi abwinopo, komabe nthawi zambiri mankhwala awiriwa amamwedwa kwa miyezi 6, kapena 12 ngati munthuyo anadwala mtima modzidzimutsa. Dokotala angafupikitse nthawiyi kwa amene ali pangozi yotaya magazi.

Choncho wodwala asanakwere ndege yobwerera kwawo, afunse kalata yofotokoza tsiku la opaleshoni, mayina a mankhwala ndi nthawi yowamwa. Achibale afufuziretu kumene mankhwalawo amapezeka. Akafuna kuchotsa dzino, anene kuti ali ndi stent. Akaona chimbudzi chakuda bii kapena kamfuno kosaleka, athamangire kuchipatala m'malo mosiya yekha mankhwala. Banja limene linagulitsa katundu kuti lipeze ndalama za ulendo lisataye m'bale wawo chifukwa cha mapiritsi awiri.