MAPIRI AMENE ANABISA MAKOLO ATHU

Ku Rajasthan, m'dziko la India, mafumu a mtundu wa Rajput anamanga malinga amiyala pamwamba pa mapiri. Khoma la linga la Kumbhalgarh, limene anamangitsa Rana Kumbha m'zaka za m'ma 1400, ndi lotalika makilomita ngati 36. Ku Chittorgarh anakumba maiŵe osungira madzi a mvula, podziŵa kuti wozingidwa ndi adani amagonja ndi ludzu mikondo isanamlase. Komabe lingalo linagwa katatu: mu 1303, 1535 ndi 1568. Mu 2013 bungwe la UNESCO linaika malinga asanu ndi limodzi a kumeneko m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi.

Makolo athu sanaseme miyala yotere, koma nzeru yothaŵira kuphiri anali nayo. Mu 1884 Angoni a Chikuse anaoloka Shire naloŵa m'dera lino la Blantyre, akutentha midzi ndi kugwira anthu. Ayao ndi Amang'anja anasiya nkhokwe zao nakwera mapiri monga Ndirande ndi Soche. Taganizani, inu amayi, kugona kuphanga usiku wozizira, dzanja lili pakamwa pa khanda kuti lisalire, utsi wa mudzi wanu ukuoneka m'munsimo. Ena anathamangira ku Mishoni ya Blantyre, imene inali ndi zaka zisanu ndi zitatu zokha. Kumeneko kunalibe khoma lakuti nkutchinga nkhondo. Chimene chinaŵatchinjiriza ndi ulendo umene Mbusa David Clement Scott anali atayenda chaka chomwecho kukacheza ndi Chikuse kwao, ndipo ankhondowo sanaikhudze mishoniyo. Ife tiyesa ulendo umenewo ngwoyenera kuphunzitsidwa ku Sande Sukulu.

Tisabise kuti phiri linkasunganso ogulitsa anzao. Kawinga ku Chikala ndi Jalasi ku phiri la Mangochi anakhazikika pamwamba akuchita malonda a akapolo, mpaka asilikali a boma la Atsamunda anaŵagonjetsa mu 1895.

Nanga lero? Inu anyamata ndi asungwana a ku Chileka ndi Lirangwe, tayang'anani Michiru pamene mukupita kutchalitchi. Nkhwangwa ndi uvuni wa makala zalimeta, kotero kuti m'malo ambiri ngakhale gwape alibe pobisala. Soche yemwe uja anabisa agogo athu, atatha mitengo, anagumuka ndi mvula ya namondwe Freddy m'mwezi wa Malichi 2023, ndipo matope ndi miyala zinakwirira mabanja ku Chilobwe.