Ndani Adzalemba Nkhani ya Matchona?

Pa maliro ena amene ndidakhalapo ku Zengeza, m'tauni ya Chitungwiza, nyimbo za usiku wonse zidali za Chicheŵa, koma macheza a achinyamata amene adali kuwotha moto panja adali a Chishona chokhachokha. Kutacha, mdzukulu wina wa malemuwo atamva kuti ndimaphunzitsa za ziyankhulo, adandifunsa funso limene landisoŵetsa mtendere kufikira lero. Iye adati adaŵerenga Feso ndiponso Karikoga Gumiremiseve, ndipo adakondwera nawo. Nanga buku la Chicheŵa losimba za anthu onga agogo ake, amene adachoka ku Dedza wapansi nadzakalambira pa famu ya fodya, angalipeze kuti? Ndidachita manyazi, pakuti ndidasoŵa buku lomutchulira.

Ambiri mwa ife ofufuza ziyankhulo timapeputsa nkhani zopeka za mbiri yakale, makamaka zikakhala ndi chikondi m'kati mwake. Timati nzongotayitsa nthaŵi, ndipo tikazitsegula timangofunamo ziganizo zoti tichitire zitsanzo pophunzitsa malamulo a chiyankhulo. Ine ndikuona kuti pamenepa talakwa. Chiyankhulo chimene chiri kutali ndi kwawo sichisungika ndi mtanthauziramawu yekha. Chimasungika pamene mwana aŵerenga usiku mpaka kandulo kutha, chifukwa afuna kudziŵa ngati mnyamata uja adawoloka Zambezi, ndiponso ngati mtsikana uja adamudikira.

Anansi athu adazindikira zimenezi kale. Thomas Mofolo adatulutsa Chaka m'Chisutu mu 1925, ndipo John Dube adatulutsa Insila kaShaka m'Chizulu mu 1930. Kuno ku Zimbabwe, buku loyamba la nkhani yaitali m'Chishona, Feso la Solomon Mutswairo, lidatuluka mu 1956, ndipo m'chaka chomwecho Ndabaningi Sithole adatulutsa Umvukela wamaNdebele. Mabuku onseŵa amabwerera ku nthaŵi ya makolo. Feso lidasimba zakale m'njira yakuti oŵerenga adaona za masiku awo, kotero kuti boma la Rhodesia lidaliletsa. Dzina lenilenilo la Chitungwiza limakumbutsa za Chaminuka, mlosi wa Ashona, amene Mutswairo yemweyo adamulembera buku m'Chingerezi mu 1983. Tsono mwana wa ku Zengeza amakula atazingidwa ndi mbiri ya eni dziko, m'mabuku ndi m'maina a malo omwe, pamene mbiri ya makolo ake ingomvekera pa maliro.

Sikuti Chicheŵa chidalibe chiyambi chabwino ayi. Samuel Josia Nthara adapata mphotho ya bungwe la International Institute of African Languages and Cultures ndi buku lake la Nthondo, la 1933, limene T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi mu 1934. Pambuyo pake adalemba za Msyamboza, mfumu yeniyeni ya m'boma la Dowa, ndiponso Mbiri ya Acheŵa. Nthara adaonetsa kuti Chicheŵa chitha kusenza mbiri popanda kutopetsa woŵerenga. Koma alembi amene adadza m'mbuyo mwake, monga John Gwengwe, Jolly Max Ntaba ndi Willie Zingani, adalimbikira za miyambo ndi za makhalidwe a masiku awo, ndipo ofuna kulemba za mbiri adatembenukira ku Chingerezi. D.D. Phiri adalemba za Inkosi Gomani II ndi John Chilembwe m'Chingerezi, ndipo Steve Chimombo adalemba seŵero lake la Mbona, The Rainmaker, m'Chingerezinso. Zifukwa zake nzodziŵika. Buku la Chicheŵa linkagulidwa makamaka likasankhidwa kuti liŵerengedwe m'sukulu, ndipo pa nthaŵi ya chipani chimodzi munthu wolemba zakale m'chiyankhulo chomveka kwa aliyense ankayenda pa minga.

Komatu nkhani zodikira mlembi zidakalipo, ndipo zina zazikulu ziri kuno. Kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, amuna a ku Nyasaland ankatsika kudzera ku Tete kukafuna ntchito ku Halale ndi ku Joni, ena paokha, ena kudzera mwa Mthandizi kapena Wenela. Clements Kadalie, wa ku Nkhata Bay, adagwirako ntchito m'migodi ya dziko lino asanakayambitse bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Mu 1927 antchito a pa mgodi wa Shamva, ambiri a iwo ochokera ku Nyasaland, adanyanyala ntchito. Mu 1972 mgodi wa malasha wa Wankie udaphulika nupha anthu oposa 400, ena mwa iwo Amalaŵi. Mu 1974 ndege yonyamula antchito obwerera kwawo idagwa ku Francistown, ndipo boma la Malaŵi lidaimitsa Wenela. Akale adati mlendo ndi mame, koma alendo aŵa sadakamuke: adatchona, nabereka ana ndi adzukulu. Pamene mafamu adalandidwa kuyambira mu 2000, ambiri adataya ntchito ndi pokhala pomwe, ndipo lamulo la unzika la 2001 lidasiya ena opanda dziko lowatcha ake. Akatswiri a mbiri, monga Charles van Onselen m'buku la Chibaro la 1976 ndi Zoë Groves m'buku lake la 2020, adafufuza zimenezi mozama, koma adalembera anzawo a m'mayunivesite, m'Chingerezi.

Amene amanyoza nkhani za chikondi aganizire izi. Mwamuna wachicheŵa akakwatira mkazi wachishona, malamulo aŵiri a banja amakumana. Kwa Acheŵa mwana ndi wa mbumba ya amayi ake, ndipo mwini mbumba ndi malume. Kwa Ashona, kumene amapereka malowolo, mwana ndi wa kuchimuna, ndipo amatenga mutupo wa atate ake. Choncho mwana wa banja lotere mwambo wa atate umamupereka kwa amayi, pamene mwambo wa amayi umamubwezera kwa atate. Akadwala, adandaule kwa yani? Akamwalira, ayikidwe kuti? Chipongwe chija chakuti matchona ndi anthu opanda mutupo, ngakhale kuti Acheŵa ali ndi mafuko awo a Phiri, Banda, Mwale ndi Mbewe, chimaluma kwambiri pamenepa. Katswiri wa za chikhalidwe atha kufotokoza zonsezi m'ndime imodzi, koma nkhani ya anthu aŵiri okondana ndiyo ingamveketse kuŵaŵa kwake.

Kwa ife a ziyankhulo, buku lotere lingabweretse mafunso oyenera kuwalimbana nawo. Mnyamata wa ku Ntcheu wa mu 1935 ankayankhula bwanji? Mlembi sangamuike m'kamwa Chicheŵa cha pa wailesi ya lero, ndiponso sangadzaze tsamba ndi mawu akale amene woŵerenga sawamva. Pa komboni, kapitawo ankalamula m'Chilapalapa. Mnyamatayo ankafunsira mbeta m'Chishona chothyokathyoka, napemphera m'Chinyanja cha Buku Lopatulika. Mdzukulu wake wa ku Zengeza amasakaniza zonsezi m'chiganizo chimodzi. Malamulo a kalembedwe amene bungwe la Chichewa Board lidakhazikitsa mu 1973, ndi kuwakonzanso pambuyo pake, sadakonzedwe kaamba ka zoterezi. Palinso nkhani ya nthaŵi za aneni. Chicheŵa chimasiyanitsa zochitika posachedwa ndi zochitika kalekale pogwiritsa ntchito kukweza ndi kutsitsa liwu, zimene kalembedwe kathu sikaonetsa, ndipo kusankha pakati pa "adapita" ndi "anapita" kumaulula dera limene wosimbayo achokera. Mlembi wa nkhani yodutsa mibadwo itatu adzayenera kupeza njira yake, ndipo ife tidzaphunzira kwa iye.

Ena adzati nkhani yopeka imapotoza mbiri, ndipo mantha awo ngomveka. Ofufuza mbiri yapakamwa amadziŵa kuti zolembedwa zimabwereranso m'kamwa mwa akuluakulu, kotero kuti wofufuza amamva za m'buku nayesa wamva za makolo. Yankho lake si kuletsa kupeka, koma kufuna kuti mlembi akhale woona mtima: zaka, malo ndi anthu odziŵika asawasinthe, ndipo apeke pokhapo pamene zikalata ziri chete, ndiko kuti m'mitima ya anthu wamba. Zikalata za boma la atsamunda zidaŵerenga matchona monga manambala a pa chitupa. Kupeka kosamala kumawabwezera maina ndi maganizo, ndipo sindiona bodza m'menemo.

Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 adaika Chicheŵa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka, ndipo adatsegulira njira ya unzika ana obadwira kuno kwa makolo ochokera m'maiko oyandikana nawo. Koma chiyankhulo chovomerezeka chopanda choŵerenga chiri ngati nkhokwe yopanda chimanga. Oyimba adatitsogolera kale: Nicholas Zakaria ndi Alick Macheso adaloŵetsa Chicheŵa m'nyimbo za sungura, ndipo anthu adavina osafunsa chitupa.

Pempho langa kwa anzanga a m'mayunivesite a ku Malaŵi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe liri patatu. Choyamba, tijambule mawu a okalamba a ku Zengeza, St Mary's, Mbare ndi m'migodi yakale akadali moyo, ndipo zojambulazo tizitsegulire alembi, tisazitsekere m'makabati mwathu. Chachiŵiri, mabuku a Nthara asindikizidwenso ndi kufika kuno pa mtengo wotheka. Chachitatu, tikhazikitse mphotho ya nkhani yopeka ya mbiri yakale m'Chicheŵa, yolandira Chicheŵa cha madera onse, cha ku Chipata, cha ku Angonia ndi cha ku Chitungwiza chomwe. Mphotho ndiyo idatukula Nthondo mu 1933. Mdzukulu uja adakali kudikira yankho, ndipo mwina mlembi amene tikumufunayo ndi iye amene.