Anthu a ku Goma si opusa

Pa 17 January 2002 phiri la Nyiragongo ku Congo lidaphulika, chiphalaphala chamoto n'kudutsa pakati pa mzinda wa Goma mpaka kukathira m'nyanja ya Kivu. Anthu miyandamiyanda adathawira ku Gisenyi, m'dziko la Rwanda, koma sabata isanathe ambiri adali atabwerera, ena akuponda miyala isanazizire.

Womva nkhaniyi angapukuse mutu n'kunena kuti anthuwa ndi osamva. Koma asamuke apite kuti? Nthaka yochokera ku phulusa la phirilo imabereka nthochi, nyemba ndi mbatata ya kachewere mosanyinyirika. Malire a Rwanda ali pakhomo, ndipo amayi a geni amawoloka m'mawa n'kubwerako madzulo. Ena adafika ku Goma pothawa zigawenga kumidzi. Phiri lidakhala chete zaka 19 lisanaphulikenso mu May 2021, pomwe njala siyembekeza ngakhale chaka chimodzi.

Chomwe chidalakwika mu 2021 n'chakuti chenjezo silidafike nthawi yabwino. Bungwe loyang'anira phirilo lidali pa mavuto a ndalama World Bank itasiya kulithandiza mu 2020, ndipo mabanja adadziwa za ngoziyo ataona kumwamba kwafiira usiku.