Moyo wa katemera wa malungo uli m'firiji

Pa 23 Epulo 2019 maso a dziko lonse lapansi adali pa chipatala cha Mitundu m'boma la Lilongwe. Apa m'pomwe dziko la Malawi lidakhala loyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana kusikelo. Maiko a Ghana ndi Kenya adatsatira m'chaka chomwecho.

Nthungululu za tsikulo zidatha kalekale, koma funso lomwe latsala ndi lakuti: kodi katemerayu amafika m'thupi la mwana wa kumudzi akadali ndi mphamvu zake zonse?

RTS,S si mankhwala wamba ngati panado yemwe amatha miyezi ali pa shelefu m'golosale. Ndi puloteni yomwe akatswiri a kampani ya GSK adaipanga koyamba mu 1987. Iwo amatenga majini a kachigawo ka khungu la kachirombo ka malungo, n'kuwalumikiza ndi a kachirombo ka matenda a chiwindi a hepatitis B, kenaka n'kuwaika mu yisiti, wamtundu womwe uja wofufumitsira buledi ndi mandasi. Yisitiyo amamulera m'mathanki akuluakulu ndipo akamaswana amapanga puloteniyo, yomwe amadzaisefa bwinobwino.

M'katemerayu mulibe kachirombo kamoyo, choncho sangadwalitse mwana malungo. Ntchito yake n'kuphunzitsa thupi kuzindikira mdani asadafike. Luso lomweli ndi lomwe lakhala likupanga insulin wa odwala shuga kuyambira mu 1982.

Vuto la puloteni n'lakuti sichedwa kuonongeka. Monga dzira lomwe likaphikidwa silibwereranso mwakale, puloteni ikapsa ndi kutentha ndiye kuti yatha ntchito, ngakhale botolo likuoneka labwinobwino. N'chifukwa chake RTS,S amayenera kusungidwa pa madigiri 2 mpaka 8, ndipo asachite ayezi. Amabwera m'timabotolo tiwiri, kena ka ufa, kena ka madzi olimbikitsa chitetezo cha m'thupi. Akasakaniza, ayenera kubayidwa pasadathe maola 6, apo ayi n'kutaya.

Walira mvula walira matope. M'dziko lomwe magetsi amathimathima, lamuloli si lapafupi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo zinthu zidadzabwerera m'chimake mu 2023. Mafiriji oyendera dzuwa athandiza zipatala zambiri za kumidzi, koma nawo amafuna okonza akaonongeka. Kuchoka m'firijimo, katemera amayenda m'kabokosi kozizira ka mlangizi wa zaumoyo, nthawi zina panjinga dzuwa likuswa mtengo, kupita kusikelo ya m'mudzi.

Mbali ina ya nkhaniyi ili m'manja mwa makolo. Kuno mwana amabayidwa kanayi: ali ndi miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Jakisoni wachinayi ndiye amaphonyedwa kwambiri chifukwa mwana akayamba kuyenda, ambiri amaleka kupita naye kusikelo. Komatu kafukufuku wa 2009 mpaka 2014, yemwe adachitikanso ku Lilongwe, adapeza kuti pa ana obayidwa kanayi, katemerayu adapewetsa pafupifupi matenda anayi mwa 10 alionse a malungo m'zaka zinayi. Izi zikutanthauza kuti neti ndi kuthamangira kuchipatala mwana akatentha thupi zikadali zofunika.

Phindu lilipo ndithu. M'madera momwe katemerayu adaperekedwa m'maiko atatu aja, imfa za ana amsinkhu wolandira katemera zidatsika ndi 13 pa 100 iliyonse. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidavomereza RTS,S mu Okutobala 2021, ndipo mu 2023 lidavomerezanso mnzake wa R21, wopangidwa ndi luso lomweli ku India.

Chodetsa nkhawa n'chakuti katemerayu amachokera kunja ndipo gawo lalikulu la ndalama zake limachokera ku bungwe la Gavi, lomwe mu Juni 2025 boma la America lidalengeza kuti lileka kulithandiza. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Dziko la Malawi silingayambe kufulula katemera mawa, koma kukonza firiji ya pachipatala, kugulira mlangizi njinga ndi kukumbutsa kholo za jakisoni wa miyezi 22 n'zinthu zomwe boma lingaikire ndalama zake mu bajeti osadikira wina.